A Fyness ndi Mandimu a pa Chinkhoswe Changa

A Fyness anabwera m'mudzi mwathu, kuno kwa Kanduku, ine ndisanabadwe. Anathawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana. Nkhondo itatha anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anali atakwatiwa kale ndi bambo wa konkuno. Bamboyo atamwalira sanasamuke, ankati kwawo kunalibenso munthu woti akamupeze.

Nyumba yawo inali kumunsi kwa yathu, ndipo kuseri kwa bafa lawo kunali mtengo wa mandimu. Anakumba kangalande kochokera kubafako kukafika patsinde pake, moti madzi onse osamba ankathera mumtengomo. N'chifukwa chake mu Okutobala, mitengo ya anthu ena itangotsala minga, wawo unkakhala ukadali ndi zipatso. Mtengowo ndi umene unkawadyetsa. M'mawa ankafinya mandimu, kusakaniza ndi madzi ndi shuga, kuthira m'chigubu, n'kukwera kabaza kupita kumalire kukagulitsa kwa madalaivala a malole odikira mapepala. Chakumwacho ankachitcha limonada. Anaphunzira kwa mayi awo amene ankagwira ntchito m'khitchini ya Mpwitikizi wina ku Tete.

M'mudzimo sankagulitsa, chifukwa panalibe wogula. Kwathu ndimu ndi mankhwala a chimfine, ndipo amayi ambiri amakhulupirira kuti limatha magazi. Ine ndinkamwa. Pochokera kusukulu ndinkakhala pakhonde pawo chifukwa sankandifunsa mafunso. Ankalankhula okha zokwanira anthu awiri, za madalaivala, za mbuzi za eni ake, za bondo lawo, ine n'kumangomwa.

Mu 2011 Melvin, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu, anandifunsira. Akwawo ndi a mpingo wopemphera Loweruka, ndipo chilichonse chonunkha mowa sachilola pafupi. Nkhoswe yake inali amalume ake, a Jailosi, mkulu wa mpingo. Iwowa sankalifuna kwenikweni banja lathu, chifukwa anamva kuti nkhoswe yanga, amalume a Stafford, amakonda kachasu. Pamapeto pake anavomera, koma anatumiza mawu akuti akadzapeza mowa pakhomo pathu adzabwerera ndi tambala wawo, ndipo nkhani ya ukwati idzathera pomwepo. Thobwa analola, bola likhale lotsekemera.

Chifukwa cha Sabata lawo, chinkhoswe chinaikidwa Lamulungu. Koma m'mudzi mwathu zinkhoswe zonse zimachitika Loweruka, ndipo amayi ophika thobwa ali ndi masiku awo amene sachita kuuzidwa. Anabwera monga mwa nthawi zonse, anaphika phala, anathira chimera, anawiritsa, n'kuvundikira mbiya kuti thobwa likhale lokonzeka Loweruka. Amayi anga anali nawo pomwepo, ndipo palibe anaganizapo za tsiku lowonjezeralo. Dzuwa la mwezi umenewo wa Okutobala ndi lija loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

Lamulungu m'mawa amayi atavundukula mbiya yoyamba, pamwamba panali thovu, ndipo fungo linafika mpaka kuchipinda kumene ankandiluka tsitsi. Amalume a Stafford analawa ndi chikho, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti limeneli ndiye thobwa la amuna. Palibe anaseka. Amayi anangokhala pansi pafupi ndi mbiyazo. Kuphika lina nthawi inali itatha, ndipo chaka chimenecho zakumwa za m'mabotolo zinkasowa m'magolosale, ngakhale kuboma. Alendo ankayembekezeka masana, atayenda pansi kukwera zitunda. Kuwalandira ndi madzi okha chikanakhala chipongwe, kuwapatsa thobwalo kukanakhala kuwathamangitsa.

A Fyness anatulukira atasenza nkhuni zothandizira kuphika. Ananunkhiza, anayang'ana amayi, n'kutula nkhunizo. Anauza amayi kuti adzuke, apeze ndowa zoyera ndi mitsuko imene sinakhudze thobwa, iwo akathyole mandimu.

"Anzanga, alendo a mwana wanga ndiwamwetse mankhwala a chimfine?" anatero amayi. "Akanena kuti tikufuna kuwatha magazi."

"Madalaivala a ku Beira amamwa tsiku ndi tsiku, mimba zawo munaziona? Amene aja ndi anthu otha magazi? Dzukani, make Taziona, dzuwa silikudikirani."

Ine Tazionayo sindinkaloledwa kutuluka, choncho zonse ndinazionera pawindo. A Fyness anabwera ndi madengu awiri odzaza, mikono ili ndi mikwingwirima ya minga. Anathyola akupsa ndi osapsa omwe. Anabweretsanso shuga wawo wa malonda amene ankagula ku Zobue, kutsidya kwa malire. Anayamba ndi kutsuka mandimuwo, kenaka anagawira amayi amene anali pamenepo kuti aziwakunkhuniza ndi chikhatho pathabwa mpaka afewe, chifukwa ndimu lolimba limakana ndi madzi ake. Iwo ankadula pakati n'kumafinyira m'beseni kudzera pansalu yoyera, kuti njere zitsale. Mayi wina anayamba kupotokola khoko ngati akufinya chovala, a Fyness anamulanda. Anati kuwawa kwa ndimu kumakhala m'khoko, ukalizunza limabwezera.

Shuga sanamuthire m'madzi ozizira. Anatenthetsa madzi pang'ono m'poto, anasungunuliramo shugayo mpaka osaonekanso, n'kusiya kuti azizire. Atatero anasakaniza zonse ndi madzi a pamjigo m'ndowa, anawazamo kamchere ka pansonga za zala, n'kumavundula ndi mthiko watsopano. Ankalawa, kukwinya nkhope, kuonjezera madzi, kulawanso. Atakhutira anathira m'mitsuko, anaikulunga ndi ziguduli zonyowa, n'kuiika pamthunzi podutsa mphepo.

Panatsala mbiyazo. A Fyness anauza amalume kuti popeza thobwalo analiyamikira, alichotse okha, lipite kudimba kutsidya kwa mtsinje, ndipo iwowo asalilawenso mpaka alendo atapita. Amalume anaitana anzawo, ndipo sindinaonepo ntchito yogwiridwa mwachangu ngati imeneyo. Pamene thobwa linatayikira, a Fyness anakwirira ndi dothi n'kumwazapo makoko a mandimu aja.

Alendo atafika, ine ndi atsikana anzanga anatifunditsa zitenje kumutu n'kutikhazika pamphasa, kuti Melvin adzasankhe wake monga mwa mwambo. M'chitenjemo munkatentha, ndipo ndinkangoona mapazi a anthu. Ndinazindikira a Jailosi ndi nsapato zakuda zodzaza fumbi, ndi tambala amene anali pafupi ndi mpando wawo atamangidwa miyendo. Moni atatha ndinamva kulira kwa makapu. Kenaka ndinamva a Jailosi akununkhiza.

Anafunsa kuti chimenechi n'chiyani. Amalume anayankha kuti ndi madzi a mandimu, ofinya m'mawa womwewo. Mayi wina wa kuchimuna ananong'oneza mnzake kuti kodi pano pali wodwala, ndipo ena anaseka chapansipansi.

"Pachinkhoswe timamwa thobwa," anatero a Jailosi. "Pakhomo pano thobwa mulibe?"

Amalume anangotsokomola. Ndinaona mapazi a amayi akusendera kutsogolo, kenaka mawondo awo pansi.

"Linalipo, bambo. Tinaphika molingana ndi Loweruka monga tinazolowera, ndiye lagona tsiku lina, lasasa. Talichotsa pakhomo pano m'mawa. Awa ndi amene atikonzera anansi athu."

Thukuta linkandilowa m'maso koma sindinayerekeze kulipukuta. Tambala uja anakupiza mapiko. Kenaka ndinamva munthu akumeza, kamodzi, kenakanso motsatizana mpaka kapu kutha.

"Mwachita bwino kunena, mayi, chifukwa fungo ndinalimva ndili panjira apo," anatero a Jailosi. "Ndimadikira kuti ndione ngati mundibisire. Tandionjezereniko, kukhosi kwauma. Inu a Stafford, tiyeni tiyambe, tambalayu watopa."

Amayi a kuchikazi analulutira. Zotsatira zake sindizikumbuka bwino. Melvin anandipeza m'chitenje, ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, anthu anavina n'kufupa. Mitsuko yonse inatha dzuwa lisanapendeke, ndipo mayi uja wofunsa za wodwala anapempha kuti amuthirireko m'botolo la panjira.

A Fyness sanaone chilichonse cha zimenezi. Anali kuseri kwa khitchini, manja ali m'beseni la madzi, chifukwa madzi a mandimu anali atalowa m'mabala a minga aja. Nditapeza mpata ndinapita n'kugwada pafupi nawo kuti ndiwathokoze. Anandiyang'ana n'kundiuza kuti ndidzuke ndisadetse diresi lobwereka, ndipo ndikauze amalume kuti mbiya zibwerere zotsuka.

Mtengo wawo unakhala wopanda kanthu mpaka mvula itagwa n'kuphukanso maluwa. Miyezi imeneyo kumalire sanapiteko. Ndinamva kwa amayi patapita nthawi kuti ankagwira ganyu wopalira m'minda ya anthu, ndi bondo lawo lija. Iwo sanatchulepo, ngakhale kuti ndi munthu wotchula chilichonse.

Ukwati wathu unadalitsidwa chaka chotsatira, ndipo a Jailosi ndi amene anaimirira kutsogolo. Tisanasamukire kusukulu ina kumene Melvin anatumizidwa, tinapita kwa a Fyness ndi shuga, sopo ndi chitenje. Shuga ndi sopo analandira ndi manja awiri. Chitenjecho anachitambasula, anati mtundu wake ndi wa atsikana, anthu kumalire aziti akufuna banja. Anachivala pomwepo pamwamba pa chakale, n'kuuza Melvin kuti asangokhala ngati mlendo, atenge mpeni akawadulire nthambi youma imene inkakhudza denga la bafa.