Mkaka Umene Tinawamana Mayi

Mayi anga ankakama ng'ombe zitatu zomwe bambo anatisiyira kwa Maseya. M'mawa uliwonse, ng'ombe zisanapite kudambo, ankanjuta m'khola chidebe chili pakati pa miyendo. Mkaka wina tinkamwa, wina ankausunga kuti ukhale chambiko. Ana tonse anayi tinakulira umenewo.

Atayamba kutsamwa tinkati ndi munga wa nsomba. Kenako mbatata inakana kutsika, phala nalo linayamba kubwerera. Ku Blantyre madokotala anatiuza kuti ndi khansa ya kummero, ndipo tachedwa. Tinabwerera nawo kumudzi. Chomwe chinkadutsa pakhosi pawo ndi mkaka wofunda basi, wa pasupuni.

Loweruka lina kunabwera achimwene anga aakulu, amene ndi kalaliki ku esiteti ya nzimbe. Anandipeza ndikumwetsa mayi pansi pa mtengo wa nimu.

"Iwe, ukuwapatsa chiyani?"

"Mkaka, achimwene."

Anatulutsa foni n'kundionetsa munthu wovala zoyera akulankhula Chingerezi chothamanga. Sindinamvepo kanthu.

"Akuti mkaka umadyetsa khansa," anatero achimwene. "Ndi womwewu wawadwalitsa, ndiye iwe ukuwonjezera. Kuyambira lero usawapatsenso."

Mayi anafunsa ndi mawu osasa kuti, "Mwananga, ndiye ndidye chiyani?"

Achimwene anati pali madzi a malambe ndi a masamba. Ananyamuka dzuwa lisanapendeke.

Ndinawamvera. Iwo anafika Fomu 4, ine ndinalekera Sitandade 6, ndikanatsutsa ndi chiyani? Kwa masabata atatu ndinkakama n'kupatsa ana a oyandikana nawo, mayi akuona. Madzi a malambe ankawawotcha pakhosi. Akalawa kamodzi ankakankha kapu n'kunena kuti "takhuta," monga amathokozera Asena akwawo ku Nsanje, pomwe m'mimba mulibe kanthu. Tsiku lina ndinawapeza atakwawira kukhola, atatsamira mzati, akungoyang'ana mwana wa ng'ombe akuyamwa. Sanandipemphe chilichonse.

Namwino amene amayendera odwala m'midzi atabwera, anadabwa ndi mmene mayi anaondera. Ndinamufotokozera zonse. Iye anati, "Za mkaka ndi khansa ngakhale ophunzira sanamvane. Palibe anganene kuti wawadwalitsa ndi mkaka. Pamene afika mayiwa, apatseni chilichonse chomwe chikulowa."

Ndinathamangira kukhola masana omwewo ngakhale sinali nthawi yokama. Ndinafunditsa mkakawo, n'kuwanyamula mutu mayi. Anameza supuni imodzi, koma yachiwiri inatulukira m'mphuno. Njira inali itatsekeka. Anakhala masiku asanu ndi anayi ndikungowanyowetsa milomo ndi kansalu.

Pamaliro, azimayi ophika anathira mkaka wa ng'ombe zathu mu tiyi wa azibambo. Ndinaona achimwene akulandira kapu, akuuzira, akumwa, kenako n'kupempha ina. Pambuyo pake anaimirira n'kuuza anthu kuti banja linayesetsa mbali zonse.

Ndikudziwa kuti mkaka sukanawachiritsa mayi. Khansa ikanawatengabe. Koma sakanapita ndi njala yomwe ndinawapatsa ndi manja anga, chifukwa cha mawu a mlendo wa m'foni amene sanawaonepo. Achimwene sanatchulepo nkhaniyi mpaka lero. Akabwera ndimawayalira mphasa, n'kuwapatsa moni ndi ulemu wonse, kenako ndimanyamula khasu kupita kudimba mpaka nditamva njinga yawo yamoto ikuchoka.