Bulauzi ya Msuweni Wanga

Mafilimu a akazi okondana okhaokha ndinkaonera pa foni kuchipinda kwathu ku Lubuto, nditatsitsa mawu kuti alandilodi asamve. Ambiri ankangondipsetsa mtima. Atsikana ake onse oonda, okhala m'nyumba zopanda ngakhale mbale yakuda, osakanganapo za makala. Amayang'anizana ola lathunthu, kenako mmodzi n'kufa. Ndinkaikalipira foniyo ngati ili ndi makutu. Mnzanga, amene ndakhala naye zaka khumi ndi ziwiri ndipo Ndola yonse imati ndi msuweni wanga, ankangondiseka. Ankati ine nditalemba filimu, anthu angatukwanane mpaka kumapeto.

Iye ndi wa tchalitchi kuposa ine. Makolo athu anabwera kumigodi kuno kuchokera ku Katete ndi mpingo wawo, ndipo iye anavekedwa yunifolomu ya amayi: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku. Chovala chimenechi sichibwerekedwa. Amakuveka pamaso pa mpingo, ndipo ukamwalira amachiyala pa bokosi lako. Bulauzi yake inali ndi kachigamba pakolala, pomwe ndinawotcha ine ndi ayironi ya makala magetsi atathima. Anasoka yekha, kanatuluka ngati tsamba la mpiru, moti amayi anzake ankamuseka nako Lachinayi lililonse.

Ndiye kunabwera mtsikana wa ku Nkana East, ku Kitwe, mwana wa bwana wanga wakale, wophunzira za mafilimu kunja. Anandiululira kuti nayenso ndi mnzathu, wokonda akazi anzake, ndipo mafilimu aja amamunyansa monga momwe amandinyansira ine. Anati nkhani zathu tizinena tokha, ndipo iye akufuna kupanga filimu ya moyo wathu. Ine ndinakomedwa. Ndine ndinamulowetsa m'nyumba, Loweruka katatu, tikumuuza zonse, iye akulonjeza kusintha mayina ndi tauni. Tsiku lomaliza anapempha bulauzi ija, akuti telala akangoonera kasokedwe n'kusoka ina. Mnzanga anakana. Ndinamuumiriza mpaka anatopa nane. Inabwerako patapita masabata awiri, itasitidwa bwino, ikununkhira sopo wa kumayadi.

Filimuyo tinaiona chaka chotsatira. Mayina anasinthadi. Koma zomwe tinamuuza sindinazionemo: mmene mnzangayu anandisambitsira miyezi itatu nditathyoka mwendo, mmene timanyanyalitsirana chifukwa cha mchere wa m'ndiwo, mmene timasekera anthu a m'basi. Munali atsikana awiri oonda, akuyang'anizana pafupi ndi chimulu cha zotaya za mgodi, ndipo kumapeto mmodzi anamwa mankhwala a makoswe. Ndinali nditayamba kale kukalipa pamene mnzanga anandigwira dzanja n'kubweza filimuyo m'mbuyo. Mtsikana mmodzi akupsompsona mnzake, atavala bulauzi yoyera, kamera ili pakhosi penipeni. Kachigamba kaja kanadzaza foni yonse.

Ku Lubuto palibe anaonera filimu yonseyo. Kachidutswa komweko ndi kamene kanayenda m'mafoni, ndipo amayi a mpingo sanafunike kuuzidwa dzina. Amayi abusa anabwera masana ndi amayi awiri akuluakulu. Sanakalipe. Anaika foni patebulo n'kufunsa kuti, "Bulauziyi inatuluka bwanji m'nyumba muno?"

Ine ndinali chiimire pakhomo la kukhitchini. Mnzanga sananditchule. Anati anabwereketsa yekha, mosaganiza bwino. Analowa kuchipinda, anapinda yunifolomu yonse ndi duku lomwe, n'kuipereka atagwada.

Ndinamuimbira mtsikana uja. Anati ya telala inkaoneka yatsopano kwambiri, pamene yeniyeniyo inali ndi moyo, ndipo kunja anthu anaombera m'manja pamalo pomwepo. Ndinamufunsa chifukwa chake anapha mmodzi wa ife, pamene tonse tili moyo ndipo tinamuphikira tiyi.

"Ba auntie, mufunika kumvesesa," anatero. "Ngati sibafa, bantu sibamvela chifundo."

Ndinadula foni. Anatipereka, ndipo sindinamukhululukire. Akanakhala mlendo bwenzi nditaiwala, koma anali wathu, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene chimachitikira munthu akadziwika kuno. Chondiwawa china n'chakuti anatigulitsa chifukwa cha filimu yosakoma n'komwe.

Mnzanga sanasiye tchalitchi. Amakhala pabenchi ya kumbuyo, ya anthu oimitsidwa, atavala chitenje wamba. Anandiuza kuti ine ndizikhala kutsogolo pomwe ndimakhala kale, kuti anthu asapeze pogwira, ndipo ndimamvera. Nyimbo ikayamba ndimamva mawu ake kumbuyo kwanga, pakuti ndimawadziwa pakati pa anthu onse. Sinditembenuka.