Nkhope ya Yankuba Sinatuluke

Nyima Darboe wa ku Brikama ntchito yake inali yoyendetsa zinthu pa masamba a pa intaneti. Kumanga tsamba lonse ankamanga anzake, mu kaofesi kawo ka pamwamba pa sitolo ya matayala. Iye ankalandira tsamba louma gwa n'kulipatsa moyo: dzina la hotela lizibwera chotsetsereka, chithunzi cha nsomba yootcha chizitulukira pang'onopang'ono, batani lizifufuma ukalikhudza. Anzake ankamunena kuti ndi mfiti ya masana, iye n'kumawayankha kuti nsanje idzawapha asanakwatire.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Chinthu chilichonse ankayamba wachibisa kuti tsamba likamatseguka chisaoneke, kenako timizere tochepa ta malamulo tomwe analemba yekha tinkachitulutsa mwaulemu. Ankayesa pa foni yake yabwino ija, pa netiweki ya mu ofesi, ndipo sizinamukanepo.

Kunyumba ndiye kunali kowawa. Mlongo wake wamng'ono, Yankuba, anakangana ndi bambo awo atakana kulima mtedza, ndipo bambo anamuuza pamaso pa anthu kuti akatuluka pachipata asadzapondenso. Yankuba anatulukadi, n'kutsata njira ya kuchipululu, ija yatha ana a anthu ofuna kuwolokera ku Ulaya. Foni yake inazima. Dzinja lotsatira bambo anadwala, ndipo asanatsirizike ananena kuti mawu aja awabweza, mwanayo abwere. Koma akamuuze ndani? Amayi anayamba kukhala pakhomo kuyang'ana msewu, mpunga n'kumazizira m'mbale.

Nyima anachita chomwe ankadziwa, anapanga tsamba. Mnzake wa mu ofesi, Sirra, anamulangiza kuti angotumiza chithunzi chokha basi, n'kumuseka kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada. Nyima anakana kwamtuwagalu. Anati chithunzi chimamira m'magulu a pa foni, komanso mlongo wake si mbuzi yosochera yoti aziimata paliponse. Anakonza zoti nkhope ya Yankuba izitulukira pang'onopang'ono, kenako pansi pake mawu: "Yankuba, bambo anakukhululukira asanamwalire. Bwerera, amayi akudikira." Zinali zokongola, zimenezo sitingamumane. Ngakhale Sirra anapukuta misozi.

Linki inayenda m'magulu a anthu a kwathu omwe ali pa njirayo, ku Bamako, ku Agadez, mpaka kutsogolo. Nyima ankaona kuti anthu akutsegula tsambalo, koma woimba foni analibe. Miyezi inapita. Anayamba kuda anthu, n'kumati ulendo unawaumitsa mitima. Pa ntchito anasiya nthabwala, ankangoyendetsa mayina a mahotela kukamwa kuli pululu.

Mvula itatha, mayi wina woyandikana nawo anabweretsa mwana wa mchemwali wake, Ansumana, yemwe anali atangobwerera kuchokera ku Agadez ali woonda ngati chikuni. Anamukhazika pansi pa mango, Nyima n'kumuthirira tiyi wa ataya, kenako anamuonetsa tsamba lija pa foni yake. Nkhope itangotulukira, Ansumana anaika kapu pansi.

"Uyu ndi Yankuba uja wokonda mpira. Tinkagona chipinda chimodzi."

Nyima anasendera pafupi. Anafunsa ngati linki sinawafike. Ansumana anati inafika ndithu, ndi mawu akuti banja lina la ku Brikama likufuna mwana wawo. Anatulutsa kafoni kake kakale, kong'aluka galasi, n'kufufuza mpaka anaipeza. Atatsegula, tsamba linangoti mbee. Panalibe nkhope, panalibe mawu.

Nyima sanafunike kufotokozeredwa. Timizere take tija, kafoni kakale sikankatimva, ndiye zonse zomwe anabisa zinangokhala chibisire. Ndipo ndani amayenda m'chipululu ndi foni yatsopano? Anthu onse a pa njirayo anali ndi timafoni totere.

"Anaiona iyeyo?" anafunsa Nyima.

"Foniyi anaigwira yekha, achemwali. Atamva za Brikama anandilanda. Anadikira, n'kudikira, kenako anaseka n'kunena kuti wa kwathu ndani angamufune iye. Anandibwezera kuti bandulo yanga isathe."

Ansumana anafotokoza kuti masiku amenewo Yankuba anali atatopa, ankalankhula zobwerera, koma ankati kwawo anamutsekera chipata ndipo bambo ake sabweza mawu. Patangopita nthawi pang'ono anakwera galimoto ya kuchipululu. Za galimotoyo palibe anamvapo kanthu, ngakhale omwe ankaidikira kutsidya.

Nyima analowa m'nyumba, anatsegula kompyuta, n'kufufuta kamzere kamodzi kobisa zinthu kaja. Ntchito yake inali yomweyo, tiyi asanazizire n'komwe. Atatuluka anapempha Ansumana kuti atsegulenso. Yankuba anatulukira nthawi yomweyo pa galasi long'alukalo, akumwetulira, mawu a chikhululuko ali pansi pake. Apo m'pamene Nyima analira, kulira kwenikweni kopanda manyazi, chifukwa anadziwa kuti si chipululu chokha chomwe chinamutenga mlongo wake.

Amayi anabwera kuchokera kuseri akukoka miyendo. Anayang'ana mlendoyo, anayang'ana mwana wawo, n'kufunsa ngati bamboyu anamuona Yankuba.

"Anamuona, amayi. Ankadya naye mbale imodzi."

Nkhope ya amayi inawala koyamba chimwalirire bambo. Analamula kuti nkhuku igwidwe, mlendo sangachoke ndi njala. Kenako anagwira dzanja la Ansumana ndi manja onse awiri.

"Ndiye uthenga wa bambo ake anaumva, eti mwanangu? Wati abwera liti?"