Matenda amene sitinakanene kumapiri

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo anthu a kwathu kuno kufupi ndi Golomoti amadziwa zimenezi. Pamene ankasankha anthu oti aziyendera odwala matenda osachiritsika m'makomo, dzina langa litatchulidwa, anzanga a kukwaya anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ati iwe chinsinsi chingagone m'mimba mwako? Zinandiwawa. Mwina n'chifukwa chake pambuyo pake ndinadzasunga chinsinsi china mopyola muyeso, kufuna kuwaonetsa.

Anamwino anatiphunzitsa kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda kumsana, kutsuka bala ndi madzi a mchere, ndiponso kuyeza mankhwala amadzi opha ululu. Anatiuzanso kuti matenda ndi a mwini wake, wodwala akakana kuti ena adziwe, iwe tseka pakamwa. Ananenanso kuti zikavuta tizibwerera kudzafunsa nzeru, koma mawu amenewo ine sindinawasunge. Ndinanyamula chikwama changa cha magolovesi, sopo ndi vaselini, n'kukwera njinga ngati dokotala wamkulu.

Wodwala wanga wachitatu anali bambo wina wokhoma ndowa. Kwawo kunali kumapiri, kumtunda kozizira kuja, ndipo kuno anabwera kudzakhala chikamwini ndevu zisanachite imvi. Mudzi wonse unkadzuka ndi kulira kwa nyundo yawo. Akazi awo ankalima mpunga ku Bwanje, mayi ofatsa oti ukawaponda phazi amapepesa ndi iwo. Mphatso ya mwana sanaione, ndipo abale a bambowo anayesapo kangapo kuwauza kuti abwerere kwawo akakwatire wina. Iwo anakana.

Matenda awo anali khansa ya kummero. Nditayamba kuwayendera n'kuti phala likudutsa movutikira, ndipo nyundo ija inali itagona pakhonde mpaka kuchita dzimbiri. Koma nthabwala sanasiye. Ndikamawasambitsa ankati, "Mayi, pukutani bwino, ndowa yake ndi yakale koma siinabooke."

Kwathu kuno mwamuna akadwalika ku chikamwini, mkazi sakhala nawo yekha matendawo. Amauza ankhoswe, ankhoswe n'kukanena kwawo kwa mwamunayo. Abale amabwera kudzaona, ndipo akaona kuti zavuta amamutenga kuti akatsirizikire m'manja mwawo. Bambowa ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake tsiku lina, akazi awo atapita kumjigo, anandigwira dzanja.

"Mayi, kumapiri musakanene. Alongo anga akangomva, abwera ndi galimoto kudzanditenga. Akazi anga kumeneko akakhala mlendo, ngakhale phala sakawalola kundimwetsa. Ine ndikufuna ndifere pa mkeka uno."

Ndinawalonjeza. Ndinamva kukoma mumtima kuti munthu wandikhulupirira.

Akazi awo anandifunsa katatu konse. Koyamba tikuchapa zofunda, kachiwiri akundiperekeza, kachitatu anachita kugwada. "Mayi, ndiwauze ankhoswe? Thupi likutha ili. Mawa anthu adzati chiyani?" Ine, ndi sukulu yanga ya masabata awiri, ndinawayankha kuti matenda ndi a eni ake, eni ake akana. Anangoti, "Chabwino, poti inu ndi amene munaphunzira." Mawu amenewo amandilasa mpaka lero. Mayiwo ankadziwa mwambo kuposa ine, ndipo ankadziwanso amene adzatsale ndi mlandu.

Choipitsitsa chinali foni. Alongo a bambowo, amene anali aakulu kwa iwo, ankaimba Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Manja a wodwala anali atafooka, tsono ndinkayamba ndawanyowetsa kukhosi ndi tisipuni ta madzi kuti mawu atuluke, kenako n'kuwagwirira foniyo pakhutu.

"Ndi kachifuwa chabe, alongo. Fumbi la mpunga. Musavutike."

Ine ndili pomwepo, duu, mawu a mayi wa kumapiriyo ndikuwamva bwinobwino. Lamulungu lina anati, "Mawu akowo sakundisangalatsa. Ndibwere?" Bambowo anandiyang'ana, n'kuyankha kuti ayi, yambani mwakumba mbatata. Foni itadulidwa anagona chagada thukuta lili kamukamu, ngati abwera kolima.

Lachitatu lina m'mawa ndinapeza zinthu zasintha. Mapazi anali ozizira, mpweya ukutuluka modukizadukiza. Nditawatembenuza anatsegula maso n'kuyang'ana kukhomo.

"Alongo anga afika?"

Akazi awo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

"Si paja munatiletsa, bambo?" anatero mayiwo.

"Aitaneni. Ndikufuna ndiwaone."

Tinaimba foni, siinapezeke. Ankhoswe titawauza anakalipa, ndipo anali ndi chifukwa. Anakwera njinga yamoto masana omwewo kulowera msewu wokhotakhota wokwera kumapiri, koma poopa kuwadzidzimutsa alongo aja anangokanena kuti achimwene anu sakupeza bwino. Bambowo anatisiya mawa lake dzuwa lili pamutu, mutu uli pamiyendo pa akazi awo, pa mkeka womwe ankafunawo. Zimene anapempha poyamba anazipeza. Zimene anapempha pomaliza sanazipeze.

Alongo awo anafika chakumadzulo atasenza dengu. Munali mbatata ya kachewere, nyemba ndi nkhuku yomanga miyendo, kamba wa munthu wodwala. Kulira anakumva ali kumsewu. Ndinawaona akutula dengulo pakati pa bwalo pang'onopang'ono, ngati muli mazira. Analowa m'nyumba, anavundukula nsalu kumaso, kenako anavundukula mpaka pachifuwa. Nthiti zinkachita kuwerengeka.

"Ili ndi thupi la sabata imodzi ili?" Anatembenukira kwa namfedwa. "Alamu, mwandibisira matenda, maliro aulula. Munkafuna chiyani?"

Ndipo ine, mwini pakamwa posachedwa, amene ndimadzudzula ngakhale ogulitsa nsomba pamsika, ndinali pakona nditafumbata chikwama changa, kukamwa kuli gwa. Ndinachita mantha, palibenso dzina lina loti ndizitchule.

Maliro anakaikidwa kumapiri. Namfedwa anapita nawo, koma anamukhazika payekha ngati wodwala nthenda yopatsirana. Atabwerako, mwezi unatha, wachiwiri unatha, akuchimuna osatumiza mawu oti adzamusudzule, kumumasula kuti ayambenso moyo wake. Pamjigo amayi ankatsitsa mawu iye akafika. Ena ankati anamudyetsa kanthu mwamunayo, nanga anabisiranji? Mpunga wake unapsa m'munda mbalame n'kumadya, iye ali m'nyumba. Nditapita kukamuona anandiyalira mkeka womwe uja, n'kundifunsa za moyo ngati palibe chimene ndinamulakwira. Akananditukwana, mwina ndikanapezako bwino.

Ndinakwera minibasi kupita kumapiri ndekha. Alongo aja ndinawapeza kudimba akuthirira kabichi, atavala juzi ziwiri, ine ndikunjenjemera ndi kabulauzi kanga ka kuchigwa. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere n'kufotokoza zonse: kuti malemu ndi amene anakana, kuti alamu awo anapempha katatu kuti akanene, ndipo kuti amene anawaletsa ndine.

Anamvetsera osandidula. Kenako anatula kheni yothirira n'kukhala pansi.

"Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ine, amayi athu ali kumunda. Mukuganiza kuti ndikanamulanda kwa mkazi wake iye akukana?"

"Iwo ankaopa choncho, mayi."

"Mwina ndikanaterodi," anatero. "Ndine wouma mutu, ankandidziwa. Koma mukanandisiya ndikangane naye ndekha. Chibale ndi fupa, sichiola." Anapukuta manja pachitenje. "Anandiitanako?"

Apa ndikanatha kunama kuti mtima wawo upepuke, kapena wanga. Koma mabodza anali atakwana.

"Anakuitanani, Lachitatu m'mawa. Ankayang'ana kukhomo."

Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika, iwo akuyang'ana kabichi wawo. Kenako anandifunsa chimene ndinkachiopa njira yonse.

"Lamulungu lija ndinafunsa kuti ndibwere, inu munalipo?"

"Foni ndinagwira ndine."

"Alamu anga alibe mlandu. Kawauzeni ankhoswe kuti tibwera mwezi uno tidzawamasule, ndipo ndidzawapepesa pamaso pa anthu. Koma inu, mayi, simukanaphwanya lonjezo lanu ayi. Mukanangotsokomola. Ine ndikanadziwa kuti pali munthu wachilendo pafupi ndi mlongo wanga, ndipo ndikanakwera galimoto tsiku lomwelo."

Anabweradi, ndipo namfedwa anamasulidwa. Chaka chotsatira analimanso mpunga wake. Ine ntchito ija sindinaisiye, njinga ndi yomwe ija, chikwama ndi chomwe chija. Anamwino nditawafotokozera anati ndikanabwera msanga tikanakhala pansi ndi bambowo n'kupeza njira, ndipo ndikudziwa kuti ananena zoona. Koma mpaka lero sindidziwa ngati ndinawachitira zabwino bambo aja kapena ndinawalakwira, poti anapempha zinthu ziwiri zosiyana ndipo ine ndinamvera choyamba chokha.

Anzanga a kukwaya anasiya kundiseka. Amati ndine munthu wosunga chinsinsi, ndipo akamatero amaganiza kuti akundiyamikira. Nyundo ija namfedwa uja anaipachika pakhoma. Ndikadutsa pakhomopo amandiitana kuti ndimwe madzi, ndipo ndimamwa.