Tayala Lomwe Linatsika Lokha M'phiri la Zomba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholota masana. Nditalemba mayeso a Fomu 4, ndinkagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu ku Mtiya, pafupi ndi kashedi ka malata komwe Che Saidi ankamata matayala. Ogula ankachita kundigwedeza paphewa, chifukwa maso anga amakhala ali kuphiri, kuonerera nkhungu ikutsetsereka m'mitengo ya paini. Apo ayi, ndimakhala ndikuyang'ana madzi a m'beseni momwe Che Saidi ankamiza machubu pofuna pomwe pabooka. Tsiku lina anamiza chubu, kuchitembenuza uku ndi uku, osaona kanthu. Ine ndili chikhalire pa ndowa yanga ndinati, "Apo, pafupi ndi valavu, pakutuluka kathovu."

Che Saidi anatembenukira kwa ine. "Mwanangu Tiyanjane, maso amenewo akuwonongeka ndi zitumbuwa. Mawa ubwere utavala zoti zikhoza kuda."

Amayi anadandaula kuti mwana wamkazi wonunkha labala adzakalamba pakhomo. Achemwali anga a Esnati anaseka mpaka kugwira m'nthiti, amvekere ndidzagona m'kati mwa tayala n'kudzukira ku Liwonde.

Kumata chigamba ndinaphunzira msanga: kupala chubu, kupaka guluu, kudikira kuti aume pang'ono, kenako kupsinja. Chomwe Che Saidi sankachita nacho masewera chinali kubwezera tayala pagalimoto. Tisanaliike, tinkapala dzimbiri ndi penti yense kumbuyo kwa limu ndi bulashi ya waya. "Chitsulo chigwirane ndi chitsulo chinzake," ankatero. "Penti ndi wofewa. Akaphwanyika, nati imatsala yosagwira kanthu." Manati tinkayamba kuwalowetsa ndi zala, kenako kumanga modumphitsa, iyi kenako ya kutsidya kwake, osati motsatana. Tikatsitsa jeke tinkamanganso ndi sipanala yaitali. Woyendetsa tinkamuuza kuti akafike ku Chirunga n'kubwerera, tidzamangenso kachitatu, ndipo ambiri ankanyinyirika.

Gawo lomwe ndinalikonda linali la kahamala. Che Saidi ankagogoda nati iliyonse atatsinzina. Yomangika imalira mokweza, ngwee. Yomasuka imangoti phu. "Akuluakulu amati tsoka silinunkha," anandiuza, "koma la tayala limalira. Vuto ndi loti anthu amakhala akuyankhula." Ine, amene kwathu ankanditcha chitsiru cholota, ndinapeza munthu woyamba woona kuti kukhala chete ndi ntchito.

Tsiku lovuta silinandipeze pashedi ayi. Linandipeza nditavala deresi la pinki ndi nsapato zazitali, pa ukwati wa a Esnati.

Kuno ku Zomba, akwati akatuluka m'tchalitchi amakwera phiri kukajambulitsa zithunzi kudamu, anthu akudikira kuholo. Kagalimoto kokongoletsedwa ka akwati kanayamba kutentha tisanafike n'komwe pachitunda, choncho tonse tinathithikana m'minibasi ya a Bonifasi, mnzawo wa alamu wa ku Zakazaka. Minibasiyo inali yotsukidwa bwino, malimu ake akuwala ngati siliva. Kudamu kunali zii. Nkhungu inkayenda pamwamba pa madzi, ndipo velo ya achemwali inkasowa m'menemo n'kuonekanso. Ndinawayang'ana ndipo chifundo chinandigwira, pokumbukira kuti usiku umenewo pamphasa ndigona ndekha.

Potsika phiri, ine monga wamng'ono anandikankhira kumpando wakumbuyo, kumanzere, pamwamba penipeni pa tayala. Atsikana anayambitsa nyimbo, azakhali omwe anali ankhoswe akululutira, hutala ikulira pakona iliyonse. Ine ndinatsamira galasi n'kutsinzina. Kunsi kwa nyimbo kunali kaphokoso kena. Ke, ke, ke. Galimoto ikamakhota kumanja kankakula, ikawongoka kankachepa. Kenako ndinakamva m'mapazi, kunjenjemera pang'ono kodutsa m'zidendene za nsapato.

"A Bonifasi!" ndinakuwa. "Malimuwa mwapaka liti penti?"

"Mwawaona eti?" anayankha monyadira. "Tinagulula matayala onse dzulo, kupaka kunja ndi m'kati, makoti awiri. Tabwezera m'mawa uno!"

Kumanzere kwathu kunali phompho lodzaza nkhungu, ndipo makona oopsa anali asanafike.

"Imani!"

"Iwe," anatero azakhali, "ukwati suima panjira. Anthu atopa kuholo. Ukufuna kuwatsirira tsoka achemwali akowa?"

A Esnati anatembenuka n'kundiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndikapsereza ndiwo. Ndinkadziwa kuti mwana satsutsa ankhoswe pa tsiku lotere, ndipo kukanakhala kulibe kanthu, nkhani yake ikanandikhalira mpaka kumanda. Ndinkadziwanso kuti za manati palibe akanandimvera. Ndiye ndinagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mukapanda kuima, ndisanzira deresi la akwati."

Mabuleki anagwira nthawi yomweyo.

Ndinadumpha miyendo ya anthu, kutsika, n'kugwada pa phula ndi deresi langa lobwereka. Mabawuti awiri anali pamtunda opanda manati. Nati yachitatu inanditentha chala, ndipo nditaipotoza inazungulira popanda sipanala. Mabowo a limu anali atadyeka, atatalika ngati mazira, penti atanyenyeka kukhala fumbi. Mawu anga anatuluka a Che Saidi enieni. "Aliyense atsike."

Anatsika akung'ung'udza, n'kuima m'mbali mwa msewu m'nkhungu. A Bonifasi anaona mabawuti aja, kukongola konse kwa nkhope yawo n'kuthawa. Anati pomwe tinaimapo panali potsetsereka, jeke sakanakhazikika, choncho asunthe pang'ono pokha kufika pamalo athyathyathya omwe ankaoneka patsogolo. Anayendetsa pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi.

Zomwe zinachitika ndimaziona mpaka lero ngati maloto. Panamveka kuthyoka kamodzi, minibasi n'kugwada chakumbuyo. Tayala linatuluka lokha, linaima kaye ngati likuganiza, kenako linayamba ulendo. Linadutsa minibasi mwaulemu, likuwala siliva, osachita phokoso. Msewu unakhota, ilo silinakhote. Linalowa m'nkhungu n'kusowa. Tonse tinangoti chete kumvetsera. Patapita nthawi tinamva nthambi zikuthyoka kutali, pansi kwambiri, kenako pansi kuposa pamenepo.

Azakhali anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kuyamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Alamu anavula jekete n'kuwafunditsa achemwali. Ine mseru womwe ndinanamizira uja unabweradi, ndipo ndinagwada m'mbali mwa msewu.

A Esnati anabwera pomwe ndinagwada. Ndinabisa manja kumbuyo, poti anali bii ndi girisi ndi fumbi la penti, koma iwo anawakoka n'kuwagwira ndi magolovesi awo oyera. "Achemwali, mudetsa," ndinatero.

"Khala chete, wolota iwe," anayankha, akulira.

Tinatsika pa lole ya matabwa yomwe inatiimira, akwati kutsogolo, ena tonse pamwamba pa mapulanga onunkhira utomoni. Kuholo tinafika mochedwa kwambiri. Azimayi anathamangira kuti awavule magolovesi akudawo, koma a Esnati anakana. Anavina nawo tsiku lonse, ndipo pa zithunzi zonse za kuholo mkwati ali ndi manja a makanika.

Lolemba ndinawafotokozera Che Saidi zonse. Anapita m'bokosi la zipangizo, anatulutsa kahamala kaja n'kundiika m'manja. "Kameneka n'kako tsopano."

Lero ndili ndi shedi yangayanga. Galimoto iliyonse yomangidwa maliboni ikabwera kudzapopetsa mpweya, ndimaizungulira ndi kahamala nditatsinzina, ngakhale woyendetsa azilira kuti akuchedwa. Ndinaphunzira kuti manyazi oimitsa ukwati amatha pofika madzulo. Nkhungu ikatsika m'phiri ndimasiyabe ntchito n'kuyang'ana kumtunda, n'kumaganiza za tayala lija, lili gone penapake m'mapaini, madzi a mvula atadzaza m'kati mwake. Linapita lokha. Achemwali anga ali ku Zakazaka, akukalipira ana awo, ndipo magolovesi aja sanawachape.