Malungo a Lolemba

Kusukulu ya kumudzi kwathu anatiphunzitsa kuti mwana woleredwa bwino amabisa manyazi a akulu. Phunziro limeneli ndinalimva kuposa masamu, ndipo ndinafika nalo ku Nairobi lili lathunthu.

Ndinkaphunzira pa koleji ina ya m'mbali mwa msewu wa Thika, ndikugona m'kachipinda ku Roysambu. Ganyu ya pa bungwe lina lothandiza anthu anandipezera ndi bambo wina wa kwathu, amene ndinkawatcha amalume ngakhale panalibe chibale. Tinkachokera boma limodzi, ndipo kudziko la eni zimenezo n'zokwanira. Amalumewo ndiwo ankayendetsa ntchito ya bungwelo ku Kibera, dera la anthu osauka mumzindamo, yothandiza anthu amene mowa unawagwira pakhosi. Ndiwonso analemba kabuku kamene tinkagawa kumeneko, ka mawu akuluakulu pachikuto onena kuti uchidakwa ndi matenda, si khalidwe loipa. Nkhaniyo ankaidziwa bwino zedi. Ankaichitira kafukufuku kuyambira Lachisanu masana mpaka Lamlungu, osapuma.

Ine ntchito yanga inali kusanja mafayilo mu ofesi yoona za antchito ndi kulemba mafomu a anthu amene sanabwere. Lolemba lina m'mawa amalume anandiimbira foni, mawu awo ngati akuchokera pansi pa chitsime.

"Mphwanga, walowa kale?"

"Eya amalume. Mwadzuka bwanji?"

"Kudzuka n'kwa anzathu. Pa fomu yangapo ulembepo kanthu kaulemu."

"Ndilembe chiyani?"

"Iwe si unapita kusukulu? Kwanu munthu akalephera kudzuka mumati chavuta n'chiyani?"

Ndinalemba malungo. Kwathu malungo ndi matenda aulemu, safuna mboni. Aphunzitsi akajomba, ndi malungo. Wobwereka njinga akapanda kubweza, ndi malungo. Palibe anandiuza kuti Nairobi ndi mzinda wozizira, kumene malungo sapezekapezeka, ndipo amene awadwala amafunsidwa kuti anayenda kuti. Ine ndinapitiriza mokhulupirika. Pofuna kuti mafomu asafanane, ndinkasinthako: tsiku lina malungo, tsiku lina malungo obwereza, kenako malungo aakulu. Lachiwiri amalume ankandigulira tiyi ndi chapati, n'kuuza aliyense kuti makolo anga anagwira ntchito. Ndinkayang'ana pansi, mumtima ndikunyada.

Musaganize kuti mu ofesimo munali munthu wosadziwa. Mayi woyang'anira antchito, amene anali bwana wanga, ankasunga maswiti onunkhira m'dirowa, ndipo amalume akalowa ankawapatsa awiri n'kutsekula zenera. Lachisanu lililonse bungwe linkaika vinyo pakhonde kuti antchito adziwane, ndipo bwana wamkulu ankawathirira yekha amalume, amvekere munthu wa ku Kibera ayenera kutsuka fumbi kukhosi. Vinyo wa pakhonde sanali mowa ayi. Unali umodzi wa pantchito.

Zinthu zinavuta tsiku limene kunabwera alendo opereka thandizo. Tinapita nawo ku Kibera kuti akaone zipatso za chifundo chawo. Amalume anaima kutsogolo kwa gulu, anawerenga tsamba loyamba la kabuku kawo, n'kuliwerenganso kachiwiri, kenako anakhala pabenchi n'kugona, dzuwa lili paliwombo. Bambo wina wa m'gululo, amene anali atasiya mowa, anavula jekete n'kuwafunditsa. Mwa anthu onse amene tinalipo, ndi iye yekha amene anaoneka kuti kabukuko anakawerenga.

Patatha sabata anawaitanitsa kuti akayankhe mlandu. Ine anandiika pakona kuti ndizilemba zokambirana, poti ndimalemba zooneka bwino. Amalume anabwera atameta, atavala suti, maso ali oyera, kabuku kali m'manja.

"Sindikana chimene ndinachita," anatero. "Ndikudwala. Mowawu sindingathe kuusiya ndekha. Malamulo a bungwe lino amati munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha matenda kapena kulumala. Ndikupempha tchuthi ndikalandire chithandizo. Chimene timauza anthu ku Kibera ndi chomwecho."

Bwana wamkulu anagwedeza mutu mwachisoni chapamwamba, n'kuyang'ana kwa mayi aja.

"Mawu amenewo timawakhulupirira ndi mtima wonse," anatero mayiwo. "Ndife tinawasindikiza. Koma bungwe limathandiza pa matenda amene lauzidwa. Tiyeni tione amene munatiuza."

Anatsekula fayilo n'kuyala mafomu patebulo, limodzilimodzi, ngati akuyanika nsomba. Zilembo zanga zinaoneka zokongola kwambiri.

"Malungo. Malungo. Malungo obwereza. Bambo, udzudzu umenewu mumausunga kunyumba kwanu? Ndipo umaluma Lamlungu lokha?"

Mayiwo analoza mafomuwo, n'kupitiriza.

"Za mowa palibe paliponse. Ndiye sitikukuchotsani chifukwa cha matenda, Mulungu atikhululukire, ife sitingachite zimenezo. Tikukuchotsani chifukwa cha mafomu abodza ndi kugona pamaso pa alendo. Analemba mafomuwa ndani?"

Amalume sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndinkamuuza ndine. Mwanayu amangolemba zimene wauzidwa."

Anandipulumutsa ndi mawu amenewo, ndipo sindinamvepo chipongwe choona chotero. Apa ndiye panali poti ndiyankhule. Ndikanati, pepani mayi, koma maswiti a m'dirowa aja munkawapatsira malungo? Nanga zenera? Ndikanati bungwe linkadziwa kalekale, linkangodikira kuti alendo aone. Mwina zikanathandiza, mwina ayi. Mawuwo anafika pammero, n'kukumana ndi aphunzitsi anga a kumudzi atagwira ndodo, akundikumbutsa kuti mwana salowerera akulu akamayankhula. Ndinaweramira pepala n'kulemba kuti wodandaulidwa wavomera kuti mafomu anali abodza.

Pomaliza anandiuza kuti ndiwerenge zimene ndinalemba. Bwana wamkulu anati sanaonepo wachinyamata wosamala ngati ine.

Chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchitoyo, choncho kuchotsedwa kunatanthauza kubwerera kwathu. Kabuku kaja anakasindikizanso mwezi wotsatira, chikuto chomwecho, dzina la wolemba litachotsedwa. Vinyo wa Lachisanu anapitirira, poti umodzi wa pantchito sungafe chifukwa cha munthu mmodzi.

Tsiku lomwe anachotsedwalo ndinawanyamulira katoni ya katundu wawo mpaka pa siteji ya matatu, maminibasi a kumeneko, opita ku Pangani, kumene ankakhala. Tinaima kudikira, makondakitala akukuwa mitengo. Ndinkafuna kupepesa, koma sindinadziwe kuti ndiyambire pa zimene ndinalemba kapena pa zimene sindinanene.

"Amalume, ine ndinkaganiza kuti ndikukuthandizani."

"Ndikudziwa, mphwanga." Analandira katoniyo n'kuyang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kuda. "Ukanalemba chimfine. Kuno kumazizira."

"Zoona amalume, sindinaganize."

Anakwera, matatu n'kunyamuka. Ndinali nditabwerera kale mu ofesi, ndikuika fayilo yawo m'kabati ya anthu ochoka, pamene ndinazindikira kuti ngakhale pa siteji paja, zonse zitatha, tonse awiri tinkasakabe matenda aulemu.