A Albino ndi Makina a m'Sitolo ya Che Amidu

A Albino anafika ku Nkope m'chaka cha 1987, nkhondo ya ku Mozambiki itawathamangitsa kwawo ku Mandimba. Anabwera ndi akazi awo, a Lusia, ndi mwana wawo Keti, amene anali akadali kumsana. Kwawoko anali telala wodziwika. Tsiku lothawa anasenza makina awo osokera mpaka kuseri kwa phiri, koma a Lusia atalefuka ndi mwana, a Albino anatula makinawo pansi pa mtengo n'kunyamula Keti. Sanacheukenso.

Ku Nkope anafikira kwa msuweni wa a Lusia amene anakwatiwa ndi msodzi. Zala zodziwa singano sizisowa ntchito pagombe, choncho asodzi anayamba kuwabweretsera maukonde ong'ambika. Ankasokera pansi pa mkuyu. Masana, dzuwa likawalitsa mchenga mpaka maso kuchita chidima, ankatsata ndi maso amayi odzagula usipa. Diresi lililonse ankalisula m'maganizo n'kulisokanso, apa manja afupike, apa m'chiuno mubwezedwe. Nthawi zina ankamva kulira kwa makina bwinobwino, phazi lawo n'kumapalasa lokha mumchenga, mpaka mwini ukonde awagwedeze paphewa.

Ndalama yoyamba imene analandira anaiponya m'nsungwi imene anaiboola n'kuisomeka kudenga. Anasiya fodya, kenako tiyi. Shati yawo imodzi anaiika zigamba mpaka palibe amene ankakumbuka mtundu wake weniweni. A Lusia sanadandaule, pakuti iwonso ankalakalaka kuwaonanso amuna awo atakhala pa makina.

Makina amene ankawafuna analipo ku boma la Mangochi, m'sitolo ya Che Amidu pafupi ndi msika. Anali akuda, olembedwa maluwa agolide m'mbali. Mwezi uliwonse a Albino ankathandiza kukweza madengu pa lole ya nsomba kuti awatengeko ulele, n'kukaima kutsogolo kwa makinawo. Che Amidu, munthu wofatsa wa ndevu zoyera, ankawalola kupukusa gudumu. Likamazungulira, a Albino ankaona khonde lawolawo, nsalu zili lende pachingwe, akwatibwi akudikira kuyezedwa, ndipo ankatuluka m'sitolomo ngati munthu wodzutsidwa pakati pa tulo.

Chaka chachitatu ndalama zinakwana. Anazimanga m'kansalu, n'kupita. Che Amidu anatsitsa makina, anawapukuta fumbi, anawathira mafuta. A Albino anapisa dzanja m'thumba, ndipo dzanjalo linakhala momwemo. Anati abweranso mwezi wamawa. Mwezi wamawa zinachitika chimodzimodzi, ndipo pobwerera ankabwezera ndalama zija m'nsungwi, n'kuwonjezerapo zina.

Tsiku lina m'mawa, akupita kugombe, a Lusia anawaimitsa pakhomo.

"Bambo a Keti, kodi tsopano mukusungira chiyani?"

A Albino anayang'ana singano yawo ya maukonde. "Makina ndi olemera, mayi a Keti. Zikadzavutanso, ndalama ndidzathawa nazo m'thumba. Makina ndidzawasiyanso pansi pa mtengo."

A Lusia anawakumbutsa kuti zaka zonsezi sanamvepo mfuti kuno. Iwo anavomera kuti n'zoona, koma madzulo a tsiku lomwelo dzanja lawo linapitanso kudenga.

Mtendere utabwera ku Mozambiki, malole anayamba kutenga anthu obwerera kwawo. Banja la a Albino linatsala, chifukwa Keti anali atayamba sukulu ndipo a Lusia anali atapatsidwa kamunda kumtunda. Panalibenso chothawa, komabe nsungwi yoyamba itadzaza anadula yachiwiri. Akafuna kugula ngakhale sopo, ankamva ngati akupereka chiwalo chawo.

M'chaka cha 1994 kwacha inachepa mphamvu, mitengo ya zinthu n'kukwera ngati utsi. A Albino atafika kusitolo anapeza malo a makina aja pali mabeseni. Che Amidu anawafotokozera mwachisoni kuti anawasungira mpaka pamene akanatha, koma kunabwera mkazi wa mphunzitsi wina n'kuwatenga, ndipo atsopano akadzafika, nsungwi ziwiri sizidzakwananso.

A Albino anayenda mpaka pa mlatho wa Shire n'kutsamira chitsulo. Anayang'ana namasupuni akuyandama pang'onopang'ono kutsika ndi madzi, tsango lina likudutsa, lina likubwera. Ankayembekezera kuti mtima uwapweteka, koma anadabwa kumva kupepukidwa. Palibenso amene akanawafunsa chifukwa chimene sakugulira. Akanatha kumangosunga mwamtendere. Anachita nawo manyazi maganizo amenewo, koma kunyumba sanawabise, anawauza a Lusia zonse.

 Patatha sabata, amuna awo ali kugombe, a Lusia anatsitsa nsungwi zonse ziwiri n'kuzing'amba ndi chikwanje. Anapita ku midzi ya kumtunda, ndipo anabwerako ndi mbuzi ziwiri, bulangete ndi nsapato za Keti.

A Albino pobwera anaona mbuzi zili zomangirira pa mtengo wa papaya. Anayang'ana kudenga, anayang'ananso mbuzi. Anakhala pansi pakhonde nthawi yaitali, Keti akuyendayenda kutsogolo kwawo kuti aone nsapato. Pomaliza anangonena kuti yakudayo ikuoneka ngati ili ndi bere.

M'mawa mwake anapita kudambo n'kubwera ndi nsungwi yatsopano. A Lusia anawapeza akuiboola, anaima n'kuwayang'ana.

"Imeneyo musasankhe yolimba kwambiri," anatero. "Chikwanje changa n'chobuntha."

Anakhala choncho zaka zotsatira, bambo kuika, mayi kutsitsa ikadzaza, osakanganapo. Mbuzi zinaswana mpaka khola linachepa, ndipo a Albino anakalambira pansi pa mkuyu, akusoka maukonde a ana a asodzi amene anawalandira.